Mipando Inayi Imene Inaperewera

Mvula ya mu Januwale inapeza podonthera pa denga la kuchipinda kwanga, ndiye tinatulutsa sutikesi yachitsulo ija kuti zam'katimo ziume. Amene ankayala mapepala pamkeka ndi mdzukulu wanga wamkazi, wa Fomu 3. Anatola kope lina lakale, lodyedwa ndi njenjete m'mbali, n'kulitsegula pakati. Patsambapo panali manambala atatu olembedwa ndi bolopeni, lina pansi pa linzake: 84, 55, 36. Awiri oyambawo ndinali nditawadula ndi kamzere n'kulemba 85 ndi 56 pambali pake.

"Agogo, samu imeneyi ndi ya chiyani?"

"Imeneyo si samu, mama. Limenelo ndi dziko lako monga linalili mu Meyi 1994."

Tinavota Lachiwiri, pa 17. Inki ya pachala isanayambe n'kufufuma komwe, mudzi wonse unali utasamukira pakhonde panga, chifukwa wailesi yolira bwino inali yanga. Masana mabatire tinkawayanika padzuwa kuti usiku atipirire. Bungwe loyendetsa chisankho ankalitsogolera Mayi Anastasia Msosa, woweruza milandu, ndipo zotsatira zinkabwera dera ndi dera, pang'onopang'ono ngati madzi a pachitsime cha m'chilimwe. Ine kope pabondo, ndikulemba timizere. Mipando yonse inali 177. United Democratic Front ya a Bakili Muluzi inatenga 84, Malawi Congress Party ya a Kamuzu Banda 55, Alliance for Democracy ya a Chakufwa Chihana 36. Madera awiri anabwereza chisankho, ndipo UDF ndi MCP zinagawana umodziumodzi. N'chifukwa chake kopelo lili ndi zodulidwazo. Zipani zing'onozing'ono zimene zinapikisana nawo sizinapeze ngakhale mpando umodzi, ndipo woima payekha sanalowemo ndi mmodzi yemwe.

Inu ana a masiku ano mumaona aphungu akukalipirana pa kanema n'kumati n'chimodzimodzi kuyambira kale. Ayi. Kuchokera mu 1966 dziko lino linali la chipani chimodzi mwalamulo. Nyumba ya Malamulo inkakumana ku Zomba, ngakhale likulu linali litasamukira ku Lilongwe mu 1975, ndipo m'nyumbamo aliyense anali wa tambala wakuda wa MCP. Ena ankachita kusankhidwa ndi Ngwazi Kamuzu mwini wake, osadzera m'bokosi. Mu Meyi 1983 nduna zitatu, a Dick Matenje, a Aaron Gadama ndi a Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu a David Chiwanga, anapezeka atafa ku Mwanza, ife n'kuuzidwa kuti inali ngozi ya galimoto. Otsalawo anaphunzira okha. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Kuyambira pamenepo lilime la phungu linkadziwa ntchito imodzi, kuthokoza, ndipo manja ake ntchito imodzi, kuomba.

Tsono taganizani munthu amene wakulira m'zimenezo akumva pa wailesi kuti m'nyumba imodzimodziyo mukhala zipani zitatu, zina mbali iyi, zina mbali iyo, zikuyang'anizana. Usiku umenewo sindinagone.

Koma m'mawa mwake, nditayala manambala aja pa mapu a m'kalasi, chimwemwe chinasakanikirana ndi manyazi. Kumpoto kunali mipando 33, ndipo yonse 33 inapita kwa AFORD. Itatu yotsalayo AFORD inaipeza m'chigawo chapakati. Pakatipo panali mipando 68: MCP inatenga 51, UDF 14. Kummwera kunali 76: UDF 71, MCP 5, ndipo tambala kumene anapeza poponda ndi kumunsi kwa Shire, kwawo kwa a Gwanda Chakuamba. Ukanapereka choko chamitundu itatu kwa mwana wa Sitandade 2 kuti apente zigawo za dziko lino, akanajambula Nyumba ya Malamulo ya 1994 osadziwa. Tinali titaimba kwa zaka 30 kuti kulibe Mtumbuka, kulibe Mchewa, kulibe Myao, tonse ndife Amalawi. Bokosi litatsegulidwa, aliyense anapezeka atathamangira kuliwunde la kwawo.

Ambiri amene amalemba za chaka chimenecho amathera pomwepa: kusankhana mitundu, basi. Ine sinditsutsa kuti kunalipo. Koma wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo munthu sungamuweruze potsekula chitseko usanamufunse chimene chikumupweteka.

Ndinali ndi mnzanga pasukulu imene ndinkaphunzitsa, mphunzitsi wa masamu wochokera kumpoto. Anakhala nafe zaka zoposa khumi. Ana ake anabadwira kuno, Chichewa ankachilankhula kuposa ana anga, ndipo pamaliro a bambo anga iye ndiye anali woyamba kugwira khasu kumanda. Mu 1989 kunatuluka lamulo lakuti aphunzitsi abwerere m'zigawo za kwawo. Ndinamuthandiza kukweza katundu pa lole: bedi, mtondo wa akazi ake, nkhuku zitatu m'chitete. Chimanga chake chinali chisanakhwime m'munda, anandisiyira kuti ndidzakolole. Mwana wake wamng'ono ankalira kuti sakufuna kupita kuchilendo, chonsecho akumutengera kwawo. Munthu ameneyo ankadziwanso kuti Chitumbuka chinachotsedwa pa wailesi mu 1968, ndiponso kuti malo a ku yunivesite ankagawidwa potengera maboma, zimene zinkatsekereza ana ambiri akumpoto okhoza bwino. Ndiye mu 1994 mukanayembekezera kuti avotere ndani? A Chihana anali munthu amene anatsika ndege pa 6 Epulo 1992 akudziwa kuti apolisi akumudikira, n'kumangidwa pomwepo pabwalo la ndege. Mlandu suola. Mipando 33 yakumpotoyo inali mlandu wakale umene unadzapeza bwalo.

Ife apakati nafenso tinali ndi zathu. Likulu linabwera kwathu, fodya anali kwathu, chinenero cha pa wailesi chinali chathu, ndipo nkhalamba ija, a Kamuzu, inali ya ku Kasungu. Amayi ambiri a m'mudzi mwathu ankati mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Ena ankangoopa: fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo. Komabe taonani mipando 14 ija. Ntcheu ili pakati, koma inavala chikasu cha UDF, ndipo akumeneko ankakumbukira mwana wawo Albert Muwalo, amene ananyongedwa mu 1977. Kumene chilonda chinali chakuya, anthu anavotera chilondacho, osati mapu.

Zimenezo zidziwike. Koma chimene chandikhazika pansi kuti ndilembe si mapu. Ndi mipando inayi.

Kuti chipani chidutsitse lamulo chokha m'nyumba ya anthu 177, chimafunika aphungu 89. UDF inali ndi 85. Inaperewera inayi. Anthu mamiliyoni amene sanakhalepo pansi n'kupangana, msodzi wa ku Nkhata Bay, mlimi wa fodya wa ku Dowa, wothyola tiyi wa ku Thyolo, anaumba nyumba imene palibe mmodzi akanailamulira yekha. Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga, ndipo mwambi umenewu timautchula pena paliponse mpaka unatha mchere. Koma amene anakwezapo denga la nkhokwe amadziwa tanthauzo lake lenileni: sikuti onyamulawo amakondana ayi. Wina akhoza kukhala amene munakangana naye dzulo pa malire a munda. Chimene chimawamanga pamodzi n'chakuti wina akataya mbali yake, denga likugwera onse. Tinali titachoka m'zaka 30 za mutu umodzi. Kuperewera kwa mipando inayi kunali mphatso yaikulu kuposa zonse zimene chisankho chimenecho chinatipatsa, chifukwa kunkatanthauza kuti wolamula azipempha, azifotokoza, azimvera, ndipo nthawi zina azibwerera kunyumba chimanjamanja.

Atsogoleri athu sanaione ngati mphatso. Anaiona ngati chibowo chofunika kumata.

Poyamba AFORD inagwirana chanza ndi MCP, chipani chomwecho chimene a Chihana ankachitcha cha imfa ndi mdima. 56 kuphatikiza 36 ndi 92: otsutsa anachuluka kuposa boma. Sipikala wa nyumbayo anakhala a Rodwell Munyenyembe a AFORD. Sipanathe miyezi inayi, mu Seputembala, a Chihana analowa m'boma la a Muluzi ngati wachiwiri kwa wachiwiri kwa pulezidenti, anzawo angapo n'kupatsidwa maunduna. Udindo umenewo m'malamulo oyendetsera dziko munalibe. Anachita kuusokerera, monga telala amawonjezera chigamba pa malaya kuti akwane mlendo.

Kugwirizana kwa zipani si tchimo. M'nyumba yotere kunali kofunika ndithu. Funso langa ndi lakuti ankagwirizana pa chiyani. Akadabwera kwa ife ndi pepala n'kunena kuti tapangana za mtengo wa feteleza, za msewu wa ku Chitipa, za aphunzitsi amene anathamangitsidwa, tikanaomba m'manja ndi mtima wonse. Nkhanga zinapangana kusanapse. Izi zinapangana moto utazima kale, pogawana mbewa.

Ndipo werengerani nane. 85 kuphatikiza 36 ndi 121. Kuti musinthe malamulo oyendetsera dziko pamafunika magawo awiri mwa atatu, amene pa 177 ndi 118. Nyumba imene ovota anaimanga kuti wina asaigwire yekha inasanduka nyumba imene anthu awiri akanatha kuitembenuza atamwa tiyi limodzi.

Malamulo oyendetsera dziko amene anayamba kugwira ntchito pa 18 Meyi 1994 anali ongoyembekezera kwa chaka chimodzi, ndipo aphungu awa ndiwo anapatsidwa ntchito yowakhazikitsa mu 1995. M'menemo munali gawo 64. Gawo limeneli linkapatsa anthu a m'dera mphamvu yochotsa phungu wawo nthawi yake isanathe ngati wawakhumudwitsa. Msonkhano waukulu wokambirana za malamulowa, umene unachitika ku Lilongwe mu Febuluwale 1995, unafuna kuti gawolo likhalebe. Aphungu analichotsa chaka chomwecho. Munalinso nyumba yachiwiri, Seneti, ya anthu 80, momwe mafumu ndi magulu ena akanakhalamo kuti azipendanso malamulo ochokera kwa aphungu. Anaikankhira m'tsogolo, ndipo nyumba yotsatira inadzaifufutiratu mu 2001 isanakhaleko ngakhale tsiku limodzi. Kufikira lero palibe Nyumba ya Malamulo imene inabwezeretsa gawo 64, kaya ikhale ya chikasu, ya buluu, ya olenji kapena ya tambala. Pa nkhani zina zonse amakangana mpaka kutukwanizana. Pa iyi yokha mbalame zomwera chigoli chimodzi zimadziwana nthenga.

Ine gawo 64 ndimalidziwira pa mlatho. Pakati pa mudzi wathu ndi chipatala pali kamtsinje kamene m'dzinja kamadzaza. Phungu wathu wa nthawi imeneyo anaima pansi pa mtengo wa kachere, pabwalo la amfumu, n'kulonjeza kuti mvula yachiwiri isanagwe mlatho udzakhala utamangidwa. Amayi analulutira, ife tinamunyamula m'mwamba. Mvula inagwa kasanu. Tinamuonanso chisankho china chitayandikira, atatsika m'galimoto ya magalasi akuda, atanyamula mpira ndi mayunifomu a anyamata. M'zaka zimenezo tinawolotsa amayi oyembekezera pa machira, madzi ali m'chifuwa, ndipo mmodzi sanafike. Sindinena kuti tikanamuchotsadi phunguyo. Mwina sitikanakwanitsa n'komwe kusonkhanitsa mayina. Koma mbusa amene akudziwa kuti mwini ng'ombe angabwere kudambo nthawi iliyonse sagona pansi pa mtengo.

Ukwati wa UDF ndi AFORD sunakhalitse. Mu Meyi 1996 a Chihana anatula pansi udindo, akudandaula za katangale m'boma. Koma ena mwa aphungu awo amene anali nduna anakana kutuluka nawo. Anatsala m'maunduna awo, akuvota ndi boma. Apa ndi pamene tinaphunzira mawu akuti gawo 65, amene atisautsa kufikira lero. Gawoli linkati phungu akachoka m'chipani chimene anasankhidwira n'kulowa chipani china chimene chili m'nyumbamo, Sipikala alengeze kuti mpando wake ulibe munthu. Koma amene sanatenge khadi la chipani china, amene angoti ndine woima pandekha kapena ndikadali wa chipani changa, lamulo silinkamupeza. Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Chaka cha m'mbuyo mwake, 1995, a Fred Nseula, phungu wa ku Mwanza amene anachoka ku UDF kupita ku MCP, mpando anaulandidwa. Othandiza boma anakhalabe. MCP ndi AFORD zinanyanyala zokambirana kwa miyezi yambiri, kuchokera pakati pa 1996 mpaka kulowa mu 1997, ndipo nyumbayo inkakumana mipando ya mbali imodzi ili pululu.

Mipando inayi ija inapezeka motero. Siinapezeke pokambirana ndi chipani, inapezeka pokopa munthu mmodzimmodzi. Ndipo mmera m'poyamba. Zimene tinadzaona mu 2005, pamene a Bingu wa Mutharika anachoka ku UDF n'kuyambitsa DPP, aphungu n'kukhamukira kumeneko ngati ntchentche pa mango, ndi zimene tinaonanso mu 2012 iwo atamwalira, mbewu yake inafesedwa mu 1996. AFORD nayo inalipira. Mapanga awiri avumbwitsa: mipando 36 inatsika kufika pa 29 mu 1999, 6 mu 2004, umodzi wokha mu 2009. Ndipo anthu atatopa ndi zipani anayamba kusankha oima paokha, oposa 50 mu 2014 ndiponso mu 2019, amene ambiri a iwo akangolowa amayang'ana kumene kukufuka utsi.

Ndisachimwe pakamwa, nyumba imeneyo inagwiranso ntchito zimene tikudyerabe. Ndiyo inakhazikitsa malamulo oyendetsera dziko okhala ndi mutu wa ufulu wachibadwidwe. Lamulo lothana ndi katangale, limene linabala bungwe la ACB, ndi la 1995. La Ombudsman ndi la 1996. La bungwe loona za ufulu wa anthu ndiponso la maboma aang'ono ndi a 1998. Inasamuka ku Zomba n'kukakhala m'nyumba yachifumu imene a Kamuzu anadzimangira ku Lilongwe, ndipo kungoona oimira anthu wamba akulowa pachipata chimenecho chinali chinthu chokha. Tsiku loyamba limene ndinamva phungu wotsutsa akufunsa nduna kuti ndalama zapita kuti, ndinatsitsa wailesi mwachizolowezi n'kusuzumira panja. Kenaka ndinakumbukira kuti palibe amene abwere, ndipo ndinaikwezanso mpaka pamapeto. M'nyumba imeneyo munali anthu amene anagonapo m'ndende pamodzi ndi anthu amene ankatumikira boma limene linawatsekera, ndipo ena anali zonse ziwiri: a Chakuamba anakhalapo nduna, n'kukhala m'ndende kuchokera 1980 mpaka 1993, n'kutuluka kudzatsogolera chipani chomwecho. A Muluzi nawo anakhalapo mlembi wamkulu wa MCP. Anakhala denga limodzi popanda kukhetsa mwazi, m'chaka chimene ku Rwanda anthu ankaphedwa miyandamiyanda. Zimenezo si zochepa, ndipo sindilola mwana aliyense azichepetse.

Mdzukulu wanga anamvetsera zonsezi ali chete, chala chili pa manambala aja. Kenaka anafunsa funso limene ine mu 1994 sindinalifunse.

"Nanga azimayi analipo angati, agogo?"

Analipo 10. Pa anthu 177. Amayi amene anavina m'mabwalo kwa zaka 30 atavala nsalu ya nkhope ya munthu mmodzi, amene pa 17 Meyi anafika pamzere kusanache ana ali kumsana, anapeza mipando 10. Kope langa lili ndi mzere wa zipani, lili ndi mzere wa zigawo, koma mzere umenewo mulibe, chifukwa sindinaganize zouwerenga. Anafunsanso ngati agogo ake aakazi, malemu akazi anga, ankamva zimene aphungu ankakambirana. Sankamva. Lamulo limati phungu azitha kulankhula ndi kuwerenga Chingerezi, ndipo zokambirana zimachitika m'chinenero chimenecho. Iwo ankasenda mtedza pambali panga n'kumandigwedeza kuti, "Akuti chiyani, bambo?" Ine n'kumawatanthauzira, mwina theka, mwina osakwana. Munthu amene anavota mofanana ndi ine ankamva za nyumba yake kudzera pakamwa pa mwamuna wake.

Kumapeto kwa kopelo kunagwa envulopu. Inali kalata ya mnzanga uja wa masamu, ya mu 1996. Analemba za ana, za khofi amene anayamba kulima, n'kufunsa ngati mtengo wa mapeyala umene anabzala kuseri kwa nyumba ya aphunzitsi unayamba kubereka. M'munsi mwake anawonjezera mizere iwiri. Anati iwo kumeneko anatuma munthu ndi uthenga wawo, ndipo akumva kuti munthuyo wafika bwino, koma uthengawo sakudziwa kumene wausiya. Ndinamuyankha za mapeyala zokha. Anamwalira tisanaonanenso.

Mtsikanayo anaipinda kalatayo bwinobwino n'kuibwezera m'malo mwake. Anapempha kuti akalionetse kopelo kwa aphunzitsi ake a mbiri yakale, ndipo ndinavomera, bola alikulunge m'jumbo chifukwa kumwamba kunali kutayambanso kuda. Asananyamuke anatenga bolopeni yake, n'kulemba pansi pa 36 paja nambala ina, 10, ndi zilembo zake zazing'ono zopendekeka. Ine ndinatenga phula ndi misomali, n'kuitana mnyamata wa nyumba yoyandikana nayo kuti adzandigwirire makwerero.